Maliro a Beno Tissera

Kuwait, 23 Januwale 1986

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Beno. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Dzana ndili pa ntchito m'chipinda cha ana odwala, namwino mnzanga anabwera ndi kawailesi kake, amvekere, "Selestina, kachilumba kanu kaja katchulidwa." Mukudziwa inu kuti dziko lathu la Sirumana silitchulidwa pa wailesi pokhapokha kukafa anthu. Akuti pa mdipiti wa Sebastiano Woyera ku Velikotta anthu amenyana pa mlatho, nyumba zapsa, ndipo asilikali atseka njira. Maina sanatchule.

Ndakhala ndikuimba lamya ku parishi, koma siikulira n'komwe. Amayi, kodi Beno anali pa bandi tsiku limenelo? Ndikufunsa dala, yankho ndikulidziwa. Mwana ameneyo angasiye mpunga m'mbale, osati lipenga lake. Pochoka ndinamuuza kuti a bandi ndiwo amakhala kutsogolo, ndipo mwala sufunsa kuti woimba ndi uti.

Ndiyankheni msanga. Ngati ng'ala ija yakula moti simukuona kulemba, wina akulembereni, ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Selestina


Velikotta, 30 Januwale 1986

Selestina, mwana wa mlongo wanga,

Landira moni m'dzina la Ambuye ndi la Amayi Maria. Ndine malume ako Marselino. Makalata a m'nyumba muno tsopano ndikulandira ndi kuyankha ndine, poti amayi ako sakuona ndipo sakudya.

Limba mtima. Mlongo wako Benedict palibe.

Mdipiti unafika pakati pa mlatho monga mwa ufulu wathu, umene unalembedwa m'malamulo tsiku lomwe chilumba chino chinayamba kudzilamulira. Amasalimo aja, anthu a mpingo wa Dachi, anali atatidikirira tsidya lija ndi miyala. Akuti ng'oma zathu zimasokoneza mapemphero awo. Lolemba, mapemphero anji? Anthu anapanikizana, chitsulo cha m'mbali mwa mlatho chinathyoka, angapo anagwera m'madzi. Ena onse anatuluka. Beno sanatuluke. Lipenga lake tinalipeza m'matope litapindika. Thupi sitinalipeze, madzi anali akubwerera kunyanja.

Iwowo akuti nawonso kwafa mnyamata wawo. Zimenezo n'zawo.

Ife a Mgwirizano wa Akatolika sitilola kuti magazi amenewa apite chabe. Tasindikiza chithunzi chake, chili pa khoma lililonse tsidya lino. Pa tsiku la makumi anayi, Loweruka pa 1 Malichi, tidzanyamula bokosi lake kuwoloka mlatho womwewo, bandi ili patsogolo, asilikali afune asafune. Bambo Anselmo akuzengereza, akuti bokosi lopanda thupi si maliro. Wansembe ameneyu ndi wamantha, koma adzabwera.

Amayi ako amangokhala pa khonde kuyang'ana kumtsinje. Akukana kuvala zakuda. Uwalembere, uwauze avomereze. Ngati ungathe, tumizako kangachepe ka makandulo.

Malume ako,
Marselino Kurera


Velikotta, tsidya la kummwera, 27 Januwale 1986

Selestina,

Moni mwanawe. Sundidziwa, kapena umandidziwa ngati munthu amene anafa kalekale. Ndine Apolonia, mng'ono wa amayi ako. Unali kamwana koyamba kumene kuyankhula pamene ndinawoloka mlatho kukakwatiwa ndi Hendrik Loos wa mpingo wa Dachi. Achimwene Marselino anaima pa khomo la tchalitchi n'kulengeza kuti alibe mlongo wa dzina limeneli. Chichokereni sindinapondenso kwathu.

Sindikulembera kuti ndidandaule. Beno ali moyo. Ali m'nyumba mwanga.

Hendrik amagulitsa ayezi kwa asodzi. M'mawa mwake mwa tsiku la chipolowe anapita kudooko ndi ngolo yake, n'kupeza munthu atakodwa m'mizu ya mitengo ya m'madzi, atavala malaya ofiira a bandi ya Akatolika. Anamuvula malayawo, anawakwirira m'matope, n'kumugoneka m'ngolo pansi pa matumba. Atafika kunyumba anati, "Polo, ndabweretsa tsoka, undithandize." Nditavundukula thumba ndinangokhala pansi. Nkhope ya bambo anga, mpaka makutu omwe.

Mwendo wathyoka, dzanja lamanja nalonso. Dokotala wina wokalamba amene anasiya ntchito wamuika chikhakha, ndipo sanafunse dzina. Thupi linatentha masiku angapo. Dzulo ndiye watsegula maso bwinobwino, n'kufunsa ngati muli mpunga. Ndi amene wandiuza dzina la chipatala chako.

Mvetsa chifukwa chake ndikulembera iwe wakutali, pamene denga la amayi ako ndimaliona ndikaima pa chitsime. Mlatho ndi wotseka. Positi yopita tsidya lija sikuyenda, ndipo ikanayenda akanaitsegula. Apolisi a kuno ndi ana a konkuno. Tsiku lomwe lija anaphedwa Dirk, mwana wa Kornelia, nyumba yoyandikana ndi yathu. Anyamata akangomva kuti tikusunga wa kandulo, monga amatchulira Mkatolika kuno, wa bandi n'komwe, atiotcha tonse. Makalata akunja okha ndiwo akuyenda, kudzera ku likulu. Ndiye uthengawu uwoloke nyanja kawiri kuti ukafike tsidya la mtsinje.

Uwauze achemwali anga, Akka Josefina monga ndinkawaitanira, asalire. Koma asauze anthu mpaka kuno kuzizire.

Amayi ako aang'ono,
Apolonia


Kuwait, 11 Febuluwale 1986

Amayi! Amalume!

Moni nonse, koma za moni zidikire. Beno ali moyo! Kalata yanu, amalume, inafika sabata yatha, ndipo ndinali nditapereka kale dzina lake ku Misa ya akufa. Lero kwafika ina, yochokera kwa amayi aang'ono Apolonia, imene inachedwa m'njira. Anamutola ndi amuna awo. Wathyoka mwendo ndi dzanja koma akudya. Ndakopera kalata yonse kuseri kwa pepalali.

Amalume, awerengereni amayi pang'onopang'ono, atakhala pansi. Ndipo chonde imitsani za bokosizo. Musanene kumene ali, mungouza a Mgwirizano kuti banja lakana.

Ndilekere pomwepa.

Selestina


Velikotta, 18 Febuluwale 1986

Selestina,

Moni. Ndaiwerenga kalata yako kawiri, ndipo ndakumvera chisoni. Wakhalitsa kunja, waiwala anthu amene tikukhala nawo.

Taganiza bwino. Munthu amene sanabwere pa maliro a mayi ake omubala, lero wakumbuka kuti ali ndi abale? Bwanji Beno mwiniyo sanalembe ngakhale dzina lake? Akuti dzanja lathyoka. Lathyokadi pa nthawi yake! Amasalimo aona zithunzi zathu, amva za pa 1 Malichi, achita mantha. Apeza mkazi wa magazi athu kuti atifooketse. Mdipiti ukalephereka adzati pepani, mnyamata uja wamwalira dzulo. Kapena akufuna wina wa ife awoloke yekha kukamufuna, amugwire.

Amayi ako sindinawauze, ndipo sindiwauza. Angoyamba kumene kumwa phala. Ndiwapatse mwana lero kuti mawa ndiwalandenso? Iwe uli kutali, amene ndidzawatole pansi ndine.

Beno ndinamulera ine bambo ake atamira. Lipenga lija ndinamugulira ndine. Usaganize kuti sindikufuna kuti zikhale zoona.

Bokosi lapangidwa kale. Mdipiti ulipo.

Malume ako,
Marselino


Velikotta, tsidya la kummwera, 16 Febuluwale 1986

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Musaseke malembawa, ndikulemba ndi lamanzere, akuoneka ngati payenda nkhanu yoledzera. Ndine Beno, malemu.

Ndimagona m'kachipinda kosungira utuchi wa ayezi. Ndikafuna kutsokomola ndimaluma pilo. Amayi aang'ono amaphika ngati amayi, tsabola yekha ndiye amaumira. Bambo Hendrik sayankhula kwambiri. Pa chakudya amawerenga salimo lonse, mpunga n'kumazizira. Tsiku loyamba ndinachita chizindikiro cha mtanda mosazindikira, iwo n'kuyang'ana kudenga ngati aona buluzi. Tsopano amayamba adikira ndimalize, kenaka n'kutsegula buku lawo.

Madzulo mphepo ikamachokera kumpoto ndimamva chimkuzamawu cha amalume. Achemwali, mukanamva! Akuti Benedict Tissera anali mnyamata wofatsa amene sanajombepo ku Misa. Akuti ndinagwa ndikuimba nyimbo ya Maria. Ine ndinagwa chifukwa Silvesta wa ng'oma yaikulu anandiponda phazi. Bambo Hendrik anandibweretsera chithunzi changa chimodzi chimene chinauluka ndi mphepo. Pa zithunzi zonse anasankha cha makutu chija.

Ndimaseka, koma zinthu sizili bwino. Kuseri kwa khoma langa kuli nyumba ya mayi Kornelia. Amalira m'mawa uliwonse akamatsuka mbale, motsitsa, ngati safuna kuvutitsa anthu. Dirk wawoyo ndinkamudziwa. Ankakonza njinga, ndipo tinamenyapo mpira kumchenga tili ana, asanatiuze kuti sitiyenera.

Anyamata a kuno amva za bokosi langa. Akusonkhanitsa mabotolo ndi petulo kuseri kwa sitolo. Akuti akandulo akaponda tsidya lino ndi bokosi, adzabwerera ndi mabokosi ambiri. Bambo Hendrik anafuna kundiwolotsa pa bwato, koma asilikali akuwombera chilichonse choyandama. Kodi uthenga unafika kwa amayi? Kuno sitikuona kusintha. Anzanga onse a bandi adzakhala kutsogolo, achemwali, adzafera munthu amene akudya mpunga wa kokonati. Chitanipo kanthu.

Mlongo wanu,
Beno


Kuwait, 26 Febuluwale 1986

Amayi,

Moni. Kalata iyi sindinaiponye ku positi. Yabwera ndi Perpetua, mwana wa a Lusia ogulitsa nsomba zouma, amene wamaliza ntchito yake kuno. Ndamulumbiritsa kuti akupezeni muli nokha, akuwerengereni yekha, amalume asaigwire.

Amayi, Beno ali moyo. Ali kwa mng'ono wanu Apolonia. Ndinalemba kale, amalume anaganiza kuti ndi msampha, n'chifukwa chake sanakuuzeni. Musawakwiyire tsopano, nthawi palibe. Ndaikamo kalata ya amayi aang'ono ndi ya Beno mwini. Malemba ake sakuoneka ngati ake, koma mukamva zonena zake mumuzindikira.

Pitani kwa Bambo Anselmo, aimitse mdipiti. Inu musayandikire mlatho, ndapota nanu. Ndege ya Perpetua ikachedwa sindikudziwa kuti ndidzatani.

Selestina


Velikotta, 4 Malichi 1986

Mwana wanga Selestina,

Moni. Akulemba ndi Perpetua, ndipo ndamuuza alembe momwe ndikunenera, asakometse. Tili bwino. Wamva? Ndati tili bwino, tonse.

Perpetua anafika Loweruka lomwelo m'mawa, basi ya ku likulu itawagoneka panjira. Anandipeza ndikupesa tsitsi, mabelu a maliro atayamba kale. Anayamba ndi kalata ya Apolonia. Atangofika pakuti "Beno ali moyo" ndinati basi, ndipatse ndodo. Akuti dikirani mayi, pali inanso ya umboni. Umboni wanji? Apolonia chibadwire sananamepo, ndiwo matenda ake. Akanadziwa kunama akanauza wansembe kuti Hendrik alowa Chikatolika, bwenzi ali konkuno mpaka lero.

Unati ndipite kwa Bambo Anselmo. Wansembe angaimitse Marselino ndi pepala? Unatinso ndisayandikire mlatho. Pepa.

Perpetua anandigwira mkono mpaka pa waya wa asilikali. Msilikali wake kamnyamata, mawu osakhwima n'komwe. Akuti, "Agogo, bwererani, talamulidwa kuwombera." Ndinati, "Womba mwanangu, kumbuyoku kuli bokosi latsopano likusowa mwini." Anakaitana wamkulu wake. Wamkuluyo ndinamunong'oneza zoona. Anakweza waya, n'kuti ndipite ndekha.

Ndinawoloka ndikugwira chitsulo. Tsidya lija ndinangotsata phokoso la zidebe mpaka pa mpope. Ndinati, "Amayi, ndikufuna nyumba ya Hendrik Loos." Zidebe zonse zii. Ndinali nditaiwala kolona m'khosi. Ndiye mayi wina anandigwira dzanja, dzanja lozizira la munthu wochapa. Anati, "Ndinu mayi ake a mnyamata wotsokomola uja."

Ndinamufunsa kuti ndi ndani. Anati, "Ndine Kornelia. Khoma lathu ndi limodzi. Ndakhala ndikumumva kuyambira sabata yoyamba." Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati, "Ndikananena, Dirk akanadzuka?"

Za kukumana ndi Beno sindinena, Perpetua walira kale mokwanira, akunyowetsa pepala. Ndinamupapasa nkhope yonse. Wanenepa, wopanda manyazi. Apolonia anaima pakhomo, anangoti, "Akka." Ndinati, "Polo, tilira bwino madzulo, bweretsa ngolo."

Tinamukweza m'ngolo ya ayezi, Hendrik akukankha. Pa sitolo anyamata anali atadzaza msewu, fungo la petulo lili guu. Mmodzi anakuwa kuti, "Uyo wa pa chithunzi uja!" Anayamba kutizungulira. Kornelia anaika dzanja lake pa ngolo, n'kunena osakweza mawu, "Wakufa ndi wanga, si wanu. Ine ndati apite kwawo. Amene akufuna kuponya ayambe ine." Wina anati, "Koma mayi, akandulo akubwera ndi bokosi." Iye anati, "Mwini bokosi ndi uyu. Mukamupha ndiye abweradi." Anapatuka. Anayenda nafe mayi ameneyo mpaka pa mlatho, dzanja lili pa ngolo pompo.

Tili pakati pa mlatho ndinamva bandi ikutsika kuchokera ku tchalitchi, nyimbo ya maliro, anthu ngati nyerere, asilikali akukonza mfuti. Beno anati, "Bambo Hendrik, ndidzutseni." Anamukhazika tsonga. Zoimbira zinayamba kuleka chimodzichimodzi, mpaka kunatsala ng'oma yaikulu yokha. Beno anakuwa, "Silvesta! Ukuthamangitsa nyimbo, ngakhale pa maliro anga!" Perpetua akuti onyamula bokosi analiponya pansi, awiri anathawa mpaka kumsika.

Malume ako anadutsa pa waya opanda amene anawaletsa. Anafika pa ngolo, anamugwira Beno makutu onse awiri, n'kulira ngati ng'ombe. Atatha anaona Hendrik. Anayang'anana. Hendrik anasiya zogwirira za ngolo n'kubwerera pambuyo, Marselino anazigwira. Kwa Apolonia sanayang'aneko.

Bambo Anselmo anatembenuza anthu onse kubwerera ku tchalitchi, Misa ya maliro inasanduka yothokoza. Anatchulanso dzina la Dirk. Ena anang'ung'udza, atatu anatuluka, koma analitchula.

Bokosi lili kuseri kwa nyumba ya Marselino, kalipentala wakana kulilandiranso. Ine ndikugona tulo. Nawenso gona.

Mayi ako,
Josefina


Velikotta, tsidya la kummwera, 9 Epulo 1986

Selestina,

Moni mwanawe. Kalata yako yothokoza tinalandira. Hendrik anaiwerenga n'kupita panja kukakonza ngolo imene sinawonongeke. Mafuta opaka amene unatumizira Kornelia ndinamupatsa. Sali bwino kwenikweni, koma wayamba kubwera kudzakhala nane masana tikamapala kokonati.

Usamve za pa wailesi kuti kuno kwabwera mtendere. Akuluakulu akukanganabe ku likulu za njira ya mdipiti wa chaka chamawa, ndipo galasi la zenera lathu wina analiswa. Koma mlatho autsegula m'mawa kwa amayi ndi okalamba. Beno akuti wayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo akudandaula kuti atsikana ankamukonda kwambiri ali malemu.

Lachinayi ndinawoloka. Akka anandidikirira pa waya. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akandionetse pamene anagona amayi athu. Nthawi ya maliro awo ndinafika mpaka pa mlatho, achimwene anatuma anthu kudzandibweza. Sanakuuze zimenezo, ndipo sindikufuna ukawafunse.

Tinayenda pang'onopang'ono, ine ndikuwatsogolera njira, iwo akundiuza nyumba iliyonse mwini wake ngati wosaona ndine. Tinakangana za kaphikidwe ka nkhanu kuyambira ku msika mpaka ku parishi. Achimwene Marselino anali pa khonde lawo. Sanandipatse moni, koma sanalowenso m'nyumba. Akka akuti kwa iwowo kumeneko n'kuyankhula kwambiri.

Pa chipata cha manda tinapeza mlonda, mkulu wa ndevu zoyera, makiyi ali m'chiuno. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anaona kuti m'khosi mulibe kanthu. Anati, "Mayi Josefina, mukudziwa lamulo la manda ano. Mnzanuyu ndi wa mpingo uti?"

Ine ndinali nditayamba kale kubwerera m'mbuyo. Akka anandikoka mkono, n'kugogoda chipata ndi ndodo yawo.

Anati, "Ndi wa m'mimba mwa mayi anga. Tsegula."

Anatsegula.

Amayi ako aang'ono,
Apolonia